Mkamwini wa Madigiri Atatu

Asuweni anga anaphunzira za mitundu ya anthu mpaka kuyunivesite anawapatsa upulofesa. Ntchito yawo inali kufufuza kuti Mchewa ndani, Mngoni ndani, Myao ndani, nanga amakhalirana bwanji. Ine wogulitsa tomato pa Golomoti ndinkawafunsa kuti, "Kani miseche nayonso ili ndi digiri?" Ufulu wowanena ndinali nawo. Amayi awo anali alongo awo a abambo anga, ndiye pachisuweni iwo anali "amuna anga", ine "akazi awo".

Matipate itangobwera, anatsika minibasi ndi chikwama cha mafomu. Fomu iliyonse inali ndi timabokosi tinayi: Mchewa, Mngoni, Myao, Zina. Munthu mmodzi, bokosi limodzi. Ndinawaperekeza mumsika n'cholinga choti ndikaseke, ndipo sindinagwiritsidwe mwala. Mayi wina wa usipa anawayankha kuti, "Kumaliro ndine Mchewa, pamowa ndine Mngoni, pokaoda nsomba ku Mtakataka ndimapereka salamu. Chongani monse." Asuweni anatuluka thukuta, koma yankho lomwelo anakalilembera buku lathunthu n'kumakwera nalo ndege.

Ankakonda kundiphunzitsa zimene ndinabadwa ndikuzidziwa. "Kwa Achewa mwana ndi wa kuchikazi. Kwa Angoni, ng'ombe za lobola zikaperekedwa, mwana ndi wa kuchimuna. Inu akazi anga, abambo Mngoni, amayi Mchewa, mbali zonse zikukulimbiranani."

"Nanga inu?" ndinafunsa dala. Abambo awo anali Mchewa, mphunzitsi wa ku Mua, amene anakwatira Mngoni n'kupereka ng'ombe ziwiri kuti aoneke waulemu.

"Ine kwathu n'dziko lonse lapansi," anatero akuseka.

Dziko lonse lapansilo linasowa pokumba maziko. Atapuma pantchito, akazi awo enieni anali atamwalira, ana ali kunja, nyumba ya kuyunivesite eni ake akuifuna. Anabwera kudzapempha malo omangapo. Kwa abale a abambo awo anawaphera nkhuku, kenako n'kuwauza mwaulemu kuti, "Aphunzitsi, izi mukuzidziwa kuposa ife. Kwanu n'kwa amayi anu." Anapita kwa amalume awo, omwe ndi abambo anga aang'ono. Angoni akwathu chilankhulo anataya kalekale, anangotsala ndi ngoma ndi mowa, koma ikafika nkhani ya malo Chingoni chimabwerera chonse. "Mphwanga, ng'ombe za abambo ako tinalandira. Iwe ndiwe wa uko."

Anafika pabenchi yanga nsapato zili fumbi lokhalokha. Atandifotokozera, ndinaseka mpaka tomato kugubuduka. "Chongani Zina, amuna anga!" Iwo sanaseke. Anavula magalasi n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, "Asuweni, ndikafa mudzandiika kuti?" Manyazi anandigwira, ndipo anandimvetsa chisoni kwambiri.

Kwa amayi anga malo analipo, koma kuchikazi sagawira munthu wapadera. Amene amapatsidwa pomanga ndi mkamwini yekha, mwamuna wodzakhala kwa mkazi wake. Ndiye ndinaitanitsa amalume anga ndi azichemwali anga n'kunena nkhope ili gwa kuti, "Amuna anga achisuweni akufuna chikamwini."

"Kulima amatha?" anafunsa amalume.

"Amatha kufunsa mafunso."

Aliyense anatembenukira kwa amuna anga enieni. Iwo anangoti, "Abwere. Ndatopa n'kutumidwa ndekha pamudzi pano." Anthu anagwa nako kuseka, ndipo nkhani inathera m'phwete momwemo. Tsiku lomwelo amalume anakawalozera asuweni malo pafupi ndi mlambe.

Chikamwini sanachizembe. Pulofesa wa madigiri atatu anamanga nkhokwe ya amayi anga, yopendekeka ngati woledzera, ndipo akakumana nawo panjira ankapatukira kutchire monga amachitira mkamwini ndi apongozi ake, ngakhale amayiwo ankawadziwa kuyambira ali pamsana. Anakhala nafe zaka zingapo, akulemba m'mawa, masana akukangana ndi mbuzi zanga.

Atamwalira, wailesi inalengeza, magalimoto a kuyunivesite ku Zomba anadzaza pakhomo. Pamenepo mpamene abale anatulukira. A kwa abambo awo anati, "Mwana wathu." Angoni anabwera ndi zishango, nawonso, "Mwana wathu." Wina anakumbutsa kuti mkamwini akamwalira amakaikidwa kwawo.

Ndinaimirira. "Kwawo kwake kuti? Amene anawapatsa pokumba maziko akweze dzanja." Palibe anakweza. Tinawaika kumanda kwathu.

Posesa m'nyumba mwawo ndinapeza fomu imodzi yakale ija, atailemba ndi dzanja lawo. Anachonga Zina. Pamzere wofotokozera analemba kuti, "Wa kwa asuweni anga." Ndinakhala pansi n'kulira.