Kukana kwa a Chauluka

Pa 17 Okutobala 2023, Lachiwiri, mwini timu ya baseball ya Credit River Herons anaimirira pamaso pa atolankhani ochepa m'chipinda chochitira misonkhano pa bwalo lawo ku Mississauga, nalengeza kuti manejala wamkulu watsopano ndi Owen Nankhuni. A Medson Chauluka, amene anayamba ntchito mu ofesi imeneyo Owen akadali ku sekondale, anaima kumbuyo pafupi ndi tebulo la khofi. Anthu ataomba m'manja, iwonso anaomba. Dzina lawo silinatchulidwe ngakhale mwangozi.

A Chauluka si munthu wotoledwa m'njira. Anabadwira ku Ntcheu, anaphunzira za chuma ku yunivesite ku Zomba, kenako anawoloka nyanja kubwera ku Hamilton kudzatenga digiri yachiwiri. Anaitenga, koma sinawatsegulire khomo lililonse. Anatha zaka akukweza makatoni m'nyumba yosungira katundu pafupi ndi bwalo la ndege, akulamulidwa ndi anyamata osatha kulemba chiganizo chowongoka. Ntchito ya ku Herons anaipeza tsitsi litayamba kuyera: kukonza maulendo a timu, kupeza mabasi ndi mahotela, kuthamangitsa mapepala a osewera ochokera kunja. Masewerawo sankawadziwa n'komwe. Tsiku loyamba anangoona munthu mmodzi akuponya kampira, wina akukayembekezera ndi chibonga, ena onse atangoima padzuwa ngati akudikira basi. Koma a Chauluka sakhala pamalo osapamvetsa. Anawaphunzira masewerawo monga anaphunzirira china chilichonse m'moyo, mwaukali, mpaka anayamba kutsutsa aphunzitsi a timu mumtima.

Herons ndi timu ya ligi yaing'ono, yolipira osewera ake ndalama zongokwanira lendi, ndipo kwa zaka zambiri yakhala ikuthera pansi. Masiku ena mbalame za kunyanja zinkachuluka pa mipando kuposa anthu. Amanejala ankabwera ndi masuti ndi malonjezo, n'kupita. Aliyense wa iwo anaphunzitsidwa ndi a Chauluka komwe kumakhala makiyi, woyenera kumuimbira basi ikafera panjira, ndi mwini hotela amene sakhulupirika.

Owen naye anadzera m'manja omwewo. Bambo ake, malemu a Darius Nankhuni, anali mnzawo wa a Chauluka ku Zomba. Atamwalira, mayi ake a Owen, a Kettie, anabwera kudzadandaula kuti mwana akungokhala. A Chauluka ndi amene anamupezera ntchito yogulitsa matikiti pakhomo nyengo yotentha. Ndi amene anamumangira tayi tsiku loyamba kulowa mu ofesi. Pambuyo pake Owen anakaphunzira za masamu a masewera, nabwerera ndi kompyuta ya m'manja ndi pakamwa posatopa, ndipo posakhalitsa anakhala wachiwiri kwa manejala.

Sabata imodzi chilengezo chisanachitike, timu itatheranso pansi, mwini wake, a Lewis, anachotsa manejala. Masana a tsiku lomwelo anaitana a Chauluka ndi Owen mu ofesi mwawo. Anayamba ndi wamkulu, monga kuyenera.

"Medson, palibe amene akuidziwa timuyi kuposa iwe," anatero a Lewis m'Chingerezi. "Ndikufuna munthu wam'kati. Ungaufune mpandowu?"

Funso limeneli a Chauluka anali ataliyankha kambirimbiri ali okha m'galimoto pa msewu wopita kunyumba ku Etobicoke. Koma munthu woleredwa bwino salumphira udindo ngati galu woponyeredwa fupa. Ku Ntcheu, ngakhalenso kuno ku mpingo wa Amalawi, wopatsidwa udindo amayamba wakana. Amati alipo ena. Anzake amamuumiriza, iye n'kukananso mofooka, ndipo pomaliza amapumira m'mwamba n'kunena kuti chabwino, poti mwatero. Aliyense amadziwa kuti kukana koyambako ndi ulemu chabe.

Choncho a Chauluka anayang'ana pansi, nanena m'Chingerezi chawo choyera cha ku Zomba: "Aa, a Lewis, ine ndine ndani? Alipo ena odziwa kuposa ine."

Atatero anadikira kufunsidwanso.

A Lewis anagwedeza mutu. "Ndakumva, ndipo ndikulemekeza maganizo ako. Owen, nanga iwe?"

"Ndiutenga," anatero Owen, asanapume n'komwe.

Nkhani yonse inathera pomwepo, khofi wa a Lewis asanazizire.

Chimene chinawawawa a Chauluka masiku otsatira sichinali mzungu. Mzungu anafunsa mwa kwawo ndipo anamva mwa kwawo. Chinawawawa chinali foni. Gulu la Amalawi la pa foni linadzaza ndi chithunzi cha Owen atavala chipewa cha timu, pansi pake mauthenga osatha: mwana wathu watiyimirira, mwana wathu watichotsa manyazi. Anthu amene sanapondepo pa bwalo la Herons, amene a Chauluka ankawapatsa matikiti aulere iwo n'kuwasiya m'galimoto mpaka kusuluka ndi dzuwa, mwadzidzidzi anasanduka akatswiri a baseball. Lamlungu ku tchalitchi amayi anazungulira a Kettie ndi nthungululu, ndipo a Kettie anavala chitenje chatsopano ngati iwo ndi amene asankhidwa. Abusa anapempherera nzeru za Owen motalikitsa. Mkulu wina wa mpingo anagwira a Chauluka paphewa nati, "Inunso muyenera kunyada, si mumagwira naye ntchito mwanayu?" Kugwira naye ntchito. Ngati kuti anakumana naye pakhomo la ofesi.

Lolemba lake anapeza amisiri akupenta dzina la Owen pa malo oimika galimoto oyandikana ndi khomo. Iwo anakaimika kumene amaimika nthawi zonse, kumapeto, pafupi ndi nkhokwe za zinyalala, ndipo anakhala m'galimotomo kanthawi akuyang'ana zilembozo zikuuma.

Kunyumba nako kunalibe pothawira. Akazi awo, a Mathilda, ndi a ku Chipata, amagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo sadziwa kunyengerera munthu wamphumphu.

"Manje imwe a bambo a Vanessa, mwakwiyira ndani?" anafunsa akuvula nsapato za kuntchito. "Anakufunsani, munakana. Mumafuna muzungu agwade?"

"Sindinakane. Ndinayankha mwaulemu."

"Zaka zonsezi muli kuno simunaone kuti anthu awa ukakana tiyi amachotsa kapu? Ine ndinaphunzira mwezi woyamba, ndinagona ndi njala kwa abwana anga."

"Mwana uja analipo. Anamva. Iye akudziwa."

A Mathilda anaima ndi nsapato imodzi m'manja. "Owen? Uja amati 'muli bwanji' kwa mphaka ndi 'uli bwanji' kwa abusa?"

"Akudziwa," anatero a Chauluka.

"Ndiye kamufunseni, m'malo momangotitupira ife m'nyumba muno."

Sanafunike kumusaka. Lachinayi m'mawa Owen anabwera yekha mu kaofesi kawo kopanda zenera, kumene ankakonza kale za mabasi a chaka chamawa. Anavala jekete latsopano. Anatseka chitseko, nakhala pa mpando wa alendo, miyendo italumikizana ngati mwana wa sukulu.

"Ankolo, ndimafuna tilankhule. Ndamva kuti ukuganiza... mukuganiza zosiya ntchito."

A Chauluka anakweza maso kuchoka pa mapepala a mabasi. Kuterereka kwa lilimeko anakumva, ndipo anakusunga.

"I need you pano, Ankolo. Ndalankhula ndi Lewis. Mukhala mlangizi wanga wamkulu, ndipo waapruva kale. Ofesi ya zenera ija ndi yanu."

"Mlangizi," anatero a Chauluka. "Wolangiza ndani? Munthu amene amayankha asanamalize kufunsidwa safuna malangizo."

Owen anaseka pang'ono, koma kusekako sikunapeze mnzake. "Koma Ankolo, munakana nokha. Ndinali pomwepo. Munati alipo ena."

"Unali pomwepo, n'zoona." A Chauluka anavula magalasi, nawaika pa tebulo. "Pamene unkafuna kukwatira Angela, unabwera kunyumba kwanga kudzandipempha kuti ndikhale nkhoswe yako, poti bambo ako kulibe. Ndinakuyankha kuti chiyani?"

Owen anayang'ana pa khoma.

"Ndikukufunsa, iwe."

"Munati alipo ena."

"Ndiye unapita kukasaka enawo?"

"Ayi."

"Unabweranso. Ndinakananso, unabweranso, ulendo uno ndi botolo m'manja, ukuseka. Unandiuza pakhonde panga kuti amayi ako anakuchenjeza kuti a Chauluka akakana usachoke, ndi mmene akulu amavomerera. Mawu ako omwe, ndipo unawanena m'Chichewa chosaterereka ngati cha lerochi."

"Ankolo, zija zinali za ukwati. Izi ndi ntchito. Lewis sakanamvetsa, ndipo timuyi ikufunika..."

"Za timu undiuza tsiku lina. Mwina uitukula, mwina ayi. Ine ndaona anthu a majekete abwino kuposa ilo akutuluka ndi katoni ya katundu wawo m'manja." Mawu awo sanakwere. "A Lewis ndi mlendo pa zathu, sindiwaimba mlandu. M'chipinda muja munali anthu awiri odziwa tanthauzo la mawu anga. Zikanangotengera chiganizo chimodzi. Ukanati, a Lewis, afunseninso. Akanandifunsanso, n'kusankhabe iwe, bwenzi lero ndikukunyamulira chikwama osadandaula. Koma iwe unaona khomo lili pululu, n'kulowa."

Kunja, pa bwalo, makina otchetcha udzu anali kulira.

"Zenera lako sindikulifuna, ndipo za kukhala kapena kuchoka sindinena kanthu usanandiyankhe," anatero a Chauluka. "Usandiyankhe m'Chingerezi, usandiuze za Lewis. Pamene ndinati alipo ena, iwe unadziwa kuti ndikuvomera, kapena sunadziwe? Ndiyankhe."