Kuonda Mobisa Pafupi ndi Chiwaya

Lachiwiri m'mawa ndinatuluka ndi kambale kukagula mandasi oti bambo akunyumba amwere tiyi asanapite kuntchito. Sindinapite kutali. Amake Joji, oyandikana nafe nyumba kuno ku Zingwangwa, amakazingira pakhonde pawo asananyamule dengu kupita kumsika.

Ndinawapeza ataweramira chiwaya, waya wovuulira uli m'manja, kumsana atabereka Esnati, mwana wawo wosakwana chaka. Mafuta ali bwatabwata.

"Mwadzuka bwanji, Amake Joji?"

Maso awo ali pa chiwaya, mandasi akupserera, iwo osavuula. Kenaka ndinangoona mawondo akupindika, thupi lonse likupendekera kutsogolo, kamutu ka Esnati kakutsetsereka paphewa kuloza kumafuta.

Mbale sindikudziwa kumene inagwera. Ndinagwira nsalu ya mwana ndi manja onse n'kukokera kumbuyo, tonse atatu khu, kukhoma. Phazi lawo linagunda mbaula, chiwaya n'kupendama, mafuta n'kukhuthukira pamalo pomwe anaimapo. Madontho ena anandigwera pamwendo, matuza ake ndili nawo mpaka lero.

Esnati analira, ndipo kulira kumeneko ndi kumene kunandibwezera mtima m'malo. Ndinamumasula, n'kumuyang'ana thupi lonse. Analibe bala.

Amake nditawawaza madzi kumaso anatsitsimuka. Ndinawalowetsa m'nyumba anthu asanadzadze pakhomo, n'kuwapatsa tiyi wa shuga.

"Dzulo munadya chiyani?" ndinafunsa.

"Madzi a mandimu."

"Ine ndikufunsa za kudya, mayi."

"Kumaliro Lamulungu lija simunandione? Ndinadya kuposa aliyense."

Zoona, ndinawaona. Anakhala pakati pa amayi, mbale ili tho, mpaka kuitanitsa ina. Ine osadziwa kuti kuchokera pamenepo sanalawenso kanthu.

Powamasula m'chiuno kuti apume bwino ndinapeza nsalu ziwiri zokulungakulunga m'kati, pansi pa imene anavala, zobisira kuti aonda. Apo m'pamene anayamba kulira, n'kundiuza zonse. Andilola kuti ndilembe, ati mwina wina apulumukirapo.

Anati tsiku lina atapita kusikelo ndi Esnati, anesi anawayeza n'kuwauza kuti magazi akuthamanga kwambiri, thupi lachuluka, achepetse. Apo ayi tsiku lina adzagwa n'kufa ziwalo mbali imodzi. Mawu amenewo anawalasa, pakuti mayi awo owabala anagona chaka chathunthu osatha kutembenuka okha ndi matenda omwewo.

"Nanga bwanji osachepetsa pang'onopang'ono monga anesi amanenera?"

"Amake Gilesi, ine ndimagulitsa chakudya. Anthu akandiona ndikukana nyama pagulu, nkhope ikugwa, ati chiyani? Ndani angagule mandasi kwa mayi woonda masiku ano?"

Inu mukanayankha chiyani?

Ndiye nzeru yawo inali iyi: pagulu kudya modzionetsera, kunyumba kulipira ndi njala. Fulawa, m'malo mokwera basi, ankakagula wapansi m'tauni, kudutsa ku Naperi, pobwerera thumba lili pamutu, m'mimba mulibe kanthu, ati kuti mafuta asungunuke msanga. Wowafunsa ankamuuza kuti basi inachedwa. Ndipo Lolemba masana tonse tinaitanidwa ndi amayi a tcheya a m'dera lathu kukayeserera gule kubwalo la sukulu, dzuwa lili pamutu. Gule sindikumunena, inenso ndimavina, ndipo ndimamukonda. Koma ng'oma siidziwa kuti wina sanadye, komanso pamzere paja ndani angakweze mkono n'kunena kuti ndatopa?

Usiku mwana akuyamwa. Mbandakucha akukanda fulawa. Thupi limenelo likanatenga kuti mphamvu?

Tiyeni tiuzane zoona, amayi anzanga. Mayi ameneyu sanagwe chifukwa cha njala yokha. Anagwa chifukwa cha milomo yathu.

Ife kuno munthu akanenepa timamuyamikira. "Eee, mwasalalatu, bambo akukusamalani." Apongozi akabwera kuchokera kumudzi choyamba amayang'ana masaya, akapeza agwa pang'ono mlandu ndi wa mwana wawo. Zimenezo n'zakale, tinkangoseka. Koma chibwerere matenda atsopanowa, amene ena akuti kaliwondewonde, kuonda kwasanduka chiweruzo. Munthu angotsika thupi, manong'onong'o ayamba pampopi, pofika madzulo afika kumsika. Ena akukana kumwera naye kapu imodzi. Ndipo amene akudwaladi, m'malo mowapititsira phala, tikuwawerenga nthiti tili patali.

Chonsecho chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Thupi lomwe timaliombera m'manjalo ndi lomwe likugwetsa ena m'bafa.

Amuna zawo n'zapafupi. Mwamuna akavala kabudula n'kumathamanga mumsewu wa ku Soche, anthu amati ndi wa mpira. Tayesani inuyo kuthamanga ndi nsalu. Ana akutsatani akukuwa kuti wakuba, akuluakulu atuluka kufunsa kuti kwagwa maliro kuti. Buluku ndiye si wathu. Ndiye mayi wofuna kuchepetsa thupi amangochita mwakabisira ngati akuba nkhuku, wopanda womulangiza, wopanda womuuza kuti apa mwapyola.

Ine sukulu ndinalekeza pulayimale, za m'mabuku a madokotala sindizidziwa. Koma njira imeneyi ndikuyendamo. Nditabereka Gilesi thupi linakana kubwerera. Kukwera kamtunda kochokera kumpopi ndi ndowa ndinkapuma kawiri, mtima ukugunda mpaka m'makutu. Anesi anandiuza zomwezo. Ine sindinachite manyazi, ndinawafunsa mobwerezabwereza mpaka anatopa nane.

Chimene ndinatolapo n'chakuti thupi lili ngati mbaula. Ukaunjika makala ambiri umangowononga. Ukachepetsa pang'ono mphika umapsabe. Koma ukachotsa onse n'kumakupiza mwamphamvu, ukuyembekeza kuti chipse n'chiyani?

Ndiye m'mawa phala sindiphonya, ngakhale tsiku lochapa. Shuga m'tiyi ndinachepetsa mpaka lilime linazolowera. Masana, pamene ndinkadya mitanda itatu, ndimadya iwiri, malo otsalawo n'kudzaza ndi mpiru, chisoso kapena nyemba. Mafuta m'ndiwo ndimathira ndi supuni, osati kupendeketsa botolo. Chimene chinandivuta kwambiri, musaseke, ndi makombo a ana. Mwana akasiya buledi, ine kam'kamwa. Akasiya mbatata, ine kam'kamwa, ati kuopa kutaya. Ndinkadya kanayi osadziwa.

Kuyenda ndimayenda, koma nditadya. Kumsika ndimadzera njira yozungulira, mofulumira mpaka kathukuta, koma osafika poti munthu akandipatsa moni ndilephere kuyankha. Tsiku la gule kapena lochapa mabulangete sindiwonjezanso ulendo wina, ntchito imeneyo yakwana. Ndipo thupi limanena lokha likapyola malire. Ukaimirira maso n'kuchita mdima, manja kunjenjemera, mwana kuyamwa osakhuta, kukalipira ana popanda chifukwa, dziwa kuti makala atha. Tsiku limenelo ndimawonjezera mtanda, ndimamwa madzi, mwana akagona masana nane ndimagona. Mbale zidikire.

Zikuchedwa? Eya, zikuchedwa. Ndinayamba mvula isanagwe, pano chimanga chauma m'minda ya m'mbali mwa phiri, ndipo chasintha n'chakuti nsonga ya nsalu ikutsala yaitali pomanga, komanso kamtunda kaja ndikukwera osatula ndowa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zonsezi ndinawauza Amake Joji tsiku lomwelo, ndipo masana ndinawaperekeza kuchipatala. Anesi anawakalipira, osati pang'ono. Anati mayi woyamwitsa sasala kudya, ndipo wa bipi, wothamanga magazi, akagwa chotero asamangoti ndi njala, abwere adzayezedwe. Pobwerera tinagwirizana kuti phala la m'mawa tizimwera limodzi pakhonde pawo, moto wa chiwaya usanayatsidwe.

Mukuganiza kuti nkhani inathera pomwepo?

Lachisanu tinakumana pampopi. Amake Joji anabwera ndi nsalu imodzi yokha m'chiuno, zokulunga zija atasiya. Pamzere panali Anangondo, mayi wachikulire wa kuseri kwa tchalitchi, amene nkhani ikawapeza m'mawa siigona.

"Aaa, Amake Joji, mwatsikatu! Tamva munagwa. Kwagwanji?"

Ndinaona dzanja la mnzangayo likufinya nkhata.

"Ndikuchepetsa dala, Anangondo. Magazi akuthamanga. Akuchipatala ndiwo andiuza."

"Ooo. Akuchipatala." Anangondo anatembenuka n'kuyang'ana anzawo mmodzimmodzi. "Mwayambatu kuyendera kuchipatala."

Mtsikana wina anasuntha ndowa yake kuti isagundane ndi ya Amake Joji.

Ine ndine munthu wosakonda mikangano, koma apa magazi anandiwira. "Nanenso ndikuchepetsa, Anangondo. Nanenso andiuza akuchipatala omwewo. Onjezani dzina langa ponena. Ndipo inuyo mapazi otupawo munakayezetsa liti?"

"Iwe mwana, ine thupi ili ndi la kumtundu!"

Ena anaseka, ena ayi. Ndowa ija sinabwerere pamalo pake.

Madzulo Amake Joji anabwera kuchokera kumsika dengu lili ndi mandasi otsala, chinthu chimene sichinachitikepo. Loweruka chimodzimodzi. Anakhala pakhonde n'kumayang'ana nsalu ziwiri zija zili pachingwe.

"Mwina ndizikulunganso," anatero. "Pagulu ndizidya ngati kale. Ana adya chiyani malonda akafa?"

"Ndiye kunyumba muzisalanso?"

Lero m'mawa phala amwa, ndinaonetsetsa mpaka kapu inatha. Za mawa sindikudziwa. Ine ndingathe kuwaphikira phala, koma milomo ya mpopi wonse sindingaitseke ndekha.

Banga la mafuta lija likadali pakhonde, takwecha ndi phulusa koma lakana. Esnati wayamba kukwawa, ndipo amakonda kukhala pomwepo n'kumamenya pansi ndi tizikhatho take.

Inu amene mumayeza anzanu ndi maso pampopi, inu osuntha ndowa, tandiuzani. Ndikanachedwa kutuluka ndi kambale kaja Lachiwiri, pamaliro a mwana ameneyu mukanati wamupha ndani?