Nthenga ya Nkhuku ndi Diso la Esinati

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi chaka chimene madzi a Shire anatitulutsa m'nyumba kwa Malemia. Tinakagona mulu m'kalasi, bulangete limodzi ana anayi. Titabwerera kumudzi, mng'ono wanga Esinati anayamba kutikita maso kosalekeza. Zikope zinafiira, manthongo tho!

Mmawa wina akuluakulu atapita ku thonje, ndinamukhazika padzuwa n'kumutong'ola diso. M'tsinde mwa nsidze munali timazira totuwa ndondondo. Kanthu kena kanagwedera. Nsabwe! Ndinachita manyazi, poti anzathu akanamva akanatiimba nyimbo mpaka kumjigo.

Ine ndinali mwana wodzimva nzeru, sindibisa. Kudenga kunali botolo la mankhwala opopera thonje. Ndinkaona bambo akuthira amenewa pamphasa, nsikidzi n'kugwa chagada. Nanga nsabwe n'chiyani? Ndinakwera pamtondo, ndinalitsitsa. Fungo lake linandikanda pakhosi, koma ndinaviikamo nthenga ya nkhuku.

"Asisi, siziwawa?" anafunsa Esinati.

"Tseka maso, usagwedezeke."

Anatseka, poti ankandikhulupirira. Ndinapaka diso lamanzere. Kenako anakuwa mfuu imene sindinaimvenso kwa munthu wina. Mayi a nyumba yoyandikana nafe anathamanga, anamuthira ndowa yathunthu kumaso, n'kumubereka mpaka kuchipatala. Ine ndinkatsatira pambuyo, nthenga idakali m'manja.

Anamwino anatsuka disolo nthawi yaitali osandiyang'ana. Atatha anandiitana.

"Bwera uone lamanjali."

Anayang'ana ndi galasi lokulitsa zinthu, anazula nsabwe ndi timazira kamodzikamodzi ndi kachitsulo kopanira, kenako anapaka mafuta oundana m'nsidze.

"Mafutawa amazitseka mpweya. Muzipaka mmawa ndi madzulo mpaka zithe, zofunda muwiritse. Basi."

Basi! Mawu amenewo anandipweteka kuposa mkwapulo, umene bambo sanandimenye n'komwe.

Lamanja linachira. Lamanzere linachita ng'ala, silinaonenso.

Lero ndikudziwa kuti chimene ndinkathamangira kupha tsiku lija sizinali nsabwe, anali manyazi anga, ndipo amene analipira ndi mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi. Esinati ndi mayi wa ana atatu tsopano, sananditchulirepo nkhaniyi. Koma tikamayenda limodzi amandiika kumanzere kwake.

"Asisi, muzindionera kumeneko," amatero.