Mbewa za Azakhali a ku Katete

Fungo la mbewa zowamba limandibwezera kukomboni ya Dambwa, chaka chomwe ndinali giredi faifi. Unali mwezi wa Juni, mphepo ikung'amba milomo, nkhungu ya kumathithi ikuonekera patali m'mawa uliwonse. Azakhali anga adabwera kuchokera ku Katete ndi kathumba ka mbewa, nkuziyanika padenga la khitchini. Ine ndidabadwira m'tauni momwemo, ku Katete ndinali ndisanapondeko, koma mbewa ndinkazikonda kuposa nkhuku.

Namakau, mnzanga wa nyumba yoyandikana nafe, adaziona posuzumira pampanda. M'mawa mwake kalasi yonse inali itamva.

"Iwe Kambewa, lelo wadya zingati?" Namakau ankandifunsa mokweza, anzathu nkumafa nazo nseko.

Dzinalo lidandimatirira ngati chingamu. Dzina langa lenileni, Tiyanjane, lidaiwalika, ndipo ngakhale ogulitsa mafiritasi pageti ankanditchula Kambewa. Ndinkamuda Namakau, ndipo ndidalumbira kuti adzalira monga ndinkalirira ine kuseri kwa kalasi.

Ndidadikira milungu iwiri, ndikumusekerera ngati palibe kanthu. Loweruka lina masana ndidaba mbewa zitatu, nkuzisinja mumtondo mpaka ubweya osaoneka, nkuzithira m'chibwabwa chotendera, ndiwo ya masamba a maungu ija. Kenaka ndidamuitana pampanda kuti tidzadye. Adadya, nkupempha zina, mpaka kukombeza mbale ndi chala.

"Ba mami bako baziba kuphika maningi," adatero.

Lolemba ndidaima patsogolo pa kalasi aphunzitsi asanalowe, nkufotokoza zonse, osasiya nkomwe za chala chija. Namakau adathamangira panja atagwira pakamwa, ndipo tidamumva akusanza pansi pa mtengo wa mango. Ine ndidaseka kuposa onse. Kunena zoona, mtima wanga udakhala pansi, ndipo mpaka lero sindimumvera chisoni.

Nkhaniyi idawapeza azakhali kudzera kwa amayi ake a Namakau. Sadandikalipire. Adangotsitsa mbewa zotsala padenga, nkumanga kathumba kawo.

"Mbewa zimenezi ndakumba ndekha kuti mwana wa mlongo wanga alawe zakwawo," adatero. "Sindimadziwa kuti ndakunyamulira nyansi zosanzitsira anthu."

Panthawiyo ndinkati ndawina, popeza dzina la Kambewa lidathadi. Ndazindikira nditakula kuti Namakau adangonena kuti chakudya chakwathu nchonyansa, koma amene adatsimikizira kalasi yonse ndinali ine. Azakhali adabweranso kangapo asanamwalire, atanyamula mtedza ndi mbatata. Mbewa sadabweretsenso.