Mapazi Otere

Beseni lofiira lija sindiliiwala. Tinalilandira chaka chimene Shire anatisamutsa ku Nyachikadza, nyumba ndi mapira zitapita ndi madzi. Amalume anatiwolotsa pa bwato lawo n'kutisiya kumtunda, ku Ndamera, kumene mpingo unatilola kugona m'chipinda chophunziriramo ana kuseri kwa tchalitchi. Beseni limenelo ndilo linali katundu wathu yense. Tinkachapiramo, likauma amayi n'kusungiramo ufa wolandira.

Amayi sanali munthu wozolowera kupempha. Kwathu ankawamba nsomba, ndipo akazi akumtunda omwewa ndi amene ankabwera pakhomo pathu ndi chimanga kudzasinthitsa ndi milamba. Tsopano ankangotipatsa moni wachisoni, uja amapatsa anamfedwa.

Pasaka itayandikira, aphunzitsi a ana pa tchalitchipo anadandaula kuti ana akumtunda achuluka matama. Anawo ankatitcha "am'madzi", tikamadutsa n'kumatseka mphuno. Aphunzitsiwo anali munthu wabwino, ndisawanamizire. Anaganiza zowaphunzitsa kudzichepetsa monga anachitira Yesu: pa Lachinayi Loyera, anawo atisambitse mapazi ife pamaso pa mpingo wonse. Anabwera kwa amayi kudzapempha ine, n'kupemphanso beseni. Amayi anagwada n'kuthokoza m'Chisena kuti, "Takhuta." Akanakana bwanji tikugona pansi pa malata a eni ake?

Tsikulo m'mawa amayi ananditengera ku mjigo n'kuyamba kundikwecha mapazi ndi mwala. Zidendene zinali ming'alu yokhayokha, ndipo pakati pa zala panali zilonda zoyera za m'matope, zonunkha. Anakwecha mpaka magazi, ine ndikukuwa.

M'tchalitchi munkatentha ngati mu uvuni wa njerwa. Ife am'madzi anatikhazika pa benchi kutsogolo. Mtsikana wina wa nsapato zoyera anagwada patsogolo panga, nagwira phazi langa ndi zala ziwiri monga munthu anyamulira khoswe wakufa, nkhope atayang'anitsa kumbali. Madzi ankaluma m'zilonda muja. Aphunzitsi anauza mpingo kuti uone mmene mwanayo wadzitsitsira, mpaka kugwira mapazi otere. Anthu anawomba m'manja, amayi ena n'kuimba nthungululu.

Mapazi otere. Lero ndili ndi ana angaanga, koma mawu amenewo amandiwawabe. Phunziro linali la ana enawo, ife tinali bolodi lolembapo basi. Ndipo sindidziwa amene ndingamukwiyire, pakuti palibe amene anafuna kutichita chipongwe.

Koma tsiku limenelo ine ndinasangalala zedi. Chibadwire ndinali ndisanakhalepo kutsogolo, ndipo ndinkayesa kuti m'manja monsemo akuwombera ine. Titatuluka ndinathamangira kwa amayi, n'kuwafunsa chifukwa chake iwo okha sanawombe nawo.

"Mwanawe," anatero, "ife madzi anatitsitsa kale. Panatsalanso pati poti n'kutsikira?"

Anatenga beseni lija n'kupita nalo ku mjigo. Analitsuka ndi phulusa, kulitsukuluza, n'kulitsukanso, mpaka akazi ena anayamba kung'ung'udza pamzere. Litauma anaima nalo m'manja nthawi yaitali. Kenako anathiramonso ufa wathu uja, poti panalibe pena pouika.

Ine ndinkangowayang'ana, kudabwa kuti akulirira chiyani pamene beseni anatibwezera lili bwinobwino, losasweka.