Mainess ndi Maluwa Osaphuka

Inu amene mwagwira mutu lero, osadziwa kuti mwalakwitsa pati, khalani pansi ndikuuzeni za Mainess Zulu wa ku komboni ya Kalingalinga.

Mwamuna wake, a Whyson, atamwalira, abale a mwamunayo sanadikire kuti misozi iume. Anabwera ndi galimoto yobwereka nanyamula mipando, wailesi, bedi, mbaula yomwe. Anamusiyira mphasa, mwana wamkazi wa giredi 5 dzina lake Ennie, ndi chitsamba cha boganivila chimene malemuwo anadzala pakhomo. Chitsambacho anachisiya chifukwa cha minga basi.

Asanakwere galimoto, mlamu wake, a Fanwell, anatembenuka.

"Mulamu, mwana uyu simungakwanise. Disemba nibwela kumutenga, azankala na ise ku Petauke."

Mainess ankadziwa bwino kukhala kwake: kubereka ana a eni, kutunga madzi, sukulu kuiwala.

"Nizakwanisa," anayankha, koma kuti akwanitsa bwanji iye mwini sankadziwa.

Zinali zaka zija makampani ankatsekedwa motsatizana, ufa uli kukwera mtengo sabata ndi sabata. Anayesa tomato, anapeza mzere wonse wa pamsika ukugulitsa tomato, ogula palibe. Anafuna ntchito yochapa kumayadi a ku Kabulonga, anapeza madona akuchotsa ngakhale antchito amene anali nawo.

Pobwera kumeneko anaona zodabwitsa m'mphepete mwa msewu wa tala. Magalimoto ankaima, anthu n'kumagula maluwa odzala m'zitini. M'chaka cha njala, munthu kugula chinthu chosadyedwa! Sanazimvetse, koma anakumbukira mmene a Whyson, amene ankasamalira maluwa m'mayadi a olemera, ankadulira nthambi ndi kuzizika m'dothi.

Anatola zitini kudzala, nadula nthambi za boganivila uja mpaka manja onse zilonda. Zoyamba zinaola zonse. Anadulanso, ndipo zachiwirizo zinagwira.

Apa ndiye panayambira vuto, abale. Mainess anakulira m'dimba ku Katete, ndipo mwana wa m'dimba amadziwa chinthu chimodzi: mbewu ukaikonda, ipatse manyowa ndi madzi. Anathira zitosi za nkhuku. Madzi ankathira m'mawa ndi madzulo, atawaimira pamzere wa pampopi dzuwa lili pamutu. Masiku ena ankalephera kuchapa kuti zitini zimwe.

Timitengo tinakula, masamba biriwiri. Koma duwa ngakhale limodzi, ayi.

Anazitutira kumsewu. Galimoto ikaima, dona amatsitsa galasi.

"Ni yofiila?"

"Yofiila, madamu."

"Manje maluwa yali kuti?"

Galimoto imasuntha pang'ono n'kukaima pa mkulu wina wogulitsa pafupi, a Kasoma a ku Kasama, amene timitengo tawo tinali tonyentchera, masamba owerengeka, koma maluwa psuu.

Mainess mutu unamuima. Wosamala ndi iye, wogulitsa ndi wina. Anaganiza kuti mwina madzi akuchepa, nawonjezera. Anaganiza kuti mwina ndi manyowa, nawonjezeranso. Masamba ndiwo anachuluka.

Anzake a pampopi nawo sanathandize. Wina anati a Kasoma ali ndi mankhwala. Wina anati dzanja la namfedwa amene sanasambitsidwe silingaphukitse kanthu. Mainess ankapemphera, zoterezi sankazikhulupirira, komabe anadzipeza akuyang'anitsitsa manja ake. Pemphero la maluwa ankachita nalo manyazi kulitchula ku tchalitchi, anthu akupempherera odwala.

Mu Okutobala mipopi ya ku Kalingalinga inauma. Madzi ankakawapempha ku komboni ya Mtendere, chigubu chimodzi patsiku. Chigubu chimodzi sichingamwetse mwana ndi zitini zomwe. Anasankha mwana. Zitini anazikankhira kuseri kwa nyumba, padzuwa, ndipo analira, chifukwa ankadziwa kuti Disemba wayandikira ndipo m'manja mulibe kanthu.

Patatha masabata anayi anapita kuseriko kuti akhuthule dothi, agulitseko zitinizo. Anaima chilili. Masamba ambiri anali atayoyoka, inde, koma kunsonga kwa nthambi iliyonse kunali kofiira.

Anachita mantha, osati chimwemwe. Anasenza zitini ziwiri mpaka kwa a Kasoma, amene miyezi yonseyi ankangowapatsa moni wa patali.

"Ba Kasoma, nionelenkoni. Nenze kuvisamala, vinakana. Navitaya, vaphuka. Ni chani ichi?"

Mkuluyo anagwira dothi louma gwaa, naseka mpaka kutsokomola.

"Mayo, iyi si repu! Boganivila ukaipasa manzi yambili ikuta, ivala chabe masamba. Ifunika imveko njota, ndiye ichosa maluwa."

"Manje simunaniuze bwanji? Munali kuniona nivutika!"

"Munanifunsa?"

Miyezi isanu ndi iwiri Mainess akusenza madzi owonongera malonda ake omwe, yankho litakhala pampando mapazi khumi kuchokera pamene ankaima!

Tsiku lomwelo zitini ziwirizo zinapita. Sabata isanathe, mayi wina womanga mpanda wa nyumba yake ku Woodlands anatenga zotsala zonse, nanena kuti afunanso zina. Mainess anasiya manyazi, anayamba kufunsa chilichonse. A Kasoma anamupatsa nthambi za haibisikasi, iye n'kuzimana madzi monga anaphunzirira, zonse n'kufota. "Awe mayo, iyi ndiye ifuna manzi!" anakalipa mkuluyo. Mainess anangogwira m'chiuno, nayambanso.

Disemba a Fanwell anafikadi, thumba loti alongezemo zovala za mwana lili m'manja. Anapeza pakhomo podzaza zitini, thumba la ufa m'nyumba, yunifolomu ya chaka chamawa ili pachingwe. Anazungulira, nagwira duwa limodzi, munga n'kuwabaya.

"Bantu bagula ivi? Vosadya?"

"Naine sinimvesesa, mulamu," anatero Mainess. "Koma mwana sayenda."

A Fanwell anapinda thumba lawo, nakwera minibasi okha. Ennie sanaphonye sukulu ngakhale temu imodzi mpaka anamaliza giredi 12.

Tsono inu amene mukulimbikira koma zinthu sizikuphuka, musafulumire kunena kuti mwalodzedwa kapena kuti ndinu watsoka. Mwina khama lanu ndi lokwanira, koma mukulithira molakwika, ndipo wodziwa ali pafupi nanu pomwepo. Dzukani, mezani manyazi, kamufunseni. Mainess anasokonezeka miyezi yonseyo, koma mwana wake anagona m'nyumba ya mayi ake. Inunso mtima wanuwo osautaya.