Mawu Atatu a Agogo ndi Thadzi la Ambuya

Fungo la girisi ndi sopo wofiira likangondipeza, ndimabwerera pakhonde lathu kukomboni ya Railways, ku Kabwe, pamene agogo anga aamuna ankakhala masana onse maso ali otsinzina pang'ono, akumvetsera mabogi a sitima akugundana chapatali ngati mapoto m'dengu. Anagwira ntchito yokonza sitima mpaka imvi, ndipo kwa kapitawo wina wachizungu anatolako mawu atatu a Chingerezi amene ankangotuluka okha chinthu chikawadzidzimutsa: "Well, I never."

Ankawanena motsitsa, nsidze zili m'mwamba, dzanja pachipewa. Ine ndinali kamtsikana kosamva, ndipo mawuwo ndinkawasaka ngati ngumbi. Lero chule m'nsapato, mawa dzino langa loguluka m'thumba la jekete yawo. Ambuya, akazi awo, ankaseka ali pambaula, n'kumandichenjeza kuti ndidzawapha agogowo.

"Iwe Tisa, uzabapaya agogo bako na ma surprise yako."

Ambuya atamwalira, mawu aja anapita nawo. Thadzi lawo lamawangamawanga nalo linasowa sabata ya maliro, tonse n'kumati olira anadyera ndiwo. Nshima inkabwerera agogo atangoitsina, jekete n'kuyamba kuwakhwepa m'mapewa. Tsiku lina ndinamva amayi akuuza aneba pampanda kuti, "Ngati sibayamba kudya, mvula sibazaiona."

Ndinachita mantha kwambiri. Ndinayesanso za chule zija, koma anangomutulutsa bwinobwino m'nsapatomo, n'kumuika paudzu osanena kanthu.

Patapita masabata atatu, m'mawa wina wotentha, fumbi litaima mumpweya ngati utsi ndipo sitima ikulira kutali ngati ili m'tulo, ndikusesa pabwalo ndinamva timawu tating'ono kuseri kwa nyumba. Pansi pa mulu wa matabwa akale a njanji panatuluka thadzi lija, lowonda, nthenga zili nyankhalala, anapiye ali ndondondo pambuyo. Silinandiyang'ane n'komwe. Linalunjika pakhonde, pamene ambuya ankaliwazira gaga, n'kuima pamapazi pa agogo.

Agogo analiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka dzanja linakwera pang'onopang'ono mpaka pachipewa.

"Well, I never," anatero, mawu ali osasa, akunena ambuya. "Amai aba, mpaka lelo bakali kunibisila vinthu. Tisa, leta nshima ya mailo."

Ndinathamanga kukatenga mkute wa dzulowo. Agogo anaunyenyera anapiye pansi, kenaka mosazindikira anaponya nthongo imodzi m'kamwa mwawo, n'kutsatiza ina. Amayi anaima pakhomo atagwira pakamwa ndi chitenje, misozi ili chuchuchu.

Mvula ya chaka chimenecho anaiona, ndi zina zingapo pambuyo pake.

Lero ana anga amandiseka ndikadzidzimuka, chifukwa mawu atatu aja amatuluka okha, dzanja n'kupita pachipewa chimene sindinavalepo. Ndipo chinthu chikasowa pakhomo panga sindifulumira kulira. Ndimayamba ndachipatsa masabata atatu.